Makutu a Galimoto ya Mayi Seakamela

Juni wa ku Joni alibe chibale.
Ndatsika tekisi pa Bryanston kusanache,
udzu wa m'mbali mwa mpanda uli mbuu,
ngati wina wakhuthulirapo ufa usiku.
Zala zanga zachita dzanzi,
kiyi wa pageti akundikana kawiri, katatu.

Galimoto ya Mayi Seakamela yagona panja lero.
Yapinda makutu ake onse awiri
ngati galu amene wamva kuti abwana akwiya.
Ndikadina kabatani ka pa kiyi
imaphethira, nkuwatambasula pang'onopang'ono,
osathamanga, osadandaula,
kaphokoso kake ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Ndiye pali kabatani kena, ka m'kati.
Tsiku loyamba ndinatenga kansanza kuti ndipukute chisanu,
mayi anaseka: Siya, Dzinkambani, amadzifunditsa okha.
Ndinaima, kupenya.
Pakati pa galasi panabooka kadiso,
kadiso kanakula, madzi nkutsetsereka,
mpaka ndinaona nkhope yanga ili ngwee,
mphuno ikuchucha, chipewa cha ubweya chong'ambika pakhutu.

Musauze munthu.
Mayi akamamwa khofi wawo m'nyumba
ndimagunditsa zikhatho pagalasilo,
lamanzere kaye, kenako lamanja.
Ndimaotha galasi, ine mwana wa kwa Ganya,
amene kwathu ndinkasiya chitsa chikunyeka
mpaka m'mawa, popanda wochiwerengera.
Ku Diepsloot magetsi anathima Lachiwiri.
Malata amatuluka thukuta lozizira
nkumadonthezera pa bulangeti.

Chaka chatha tekisi ina pa Louis Botha
inalipsompsona khutu lamanja, phwa!
Linatsala lendelende pa mawaya ake ngati dzino la mwana.
Nditaona pepala la kugalaja ndinawerenga kawiri:
malandi amenewo Nachisale akanafolera nyumba,
nkutsalako ya feteleza.
Kuyambira pamenepo, pothinana paliponse,
pakati pa matekisi a pa Bree,
pa chipata chopapatiza cha kusukulu ya mdzukulu wawo,
ndimadina, makutu pindeni,
tidutse osakhudza munthu.

Nzeru imeneyi sindinaiphunzire kwa galimoto.
Ndinafika nayo kale pa Park Station.
Anyamata aja atatiimitsa pamlatho
nkuloza chigongono, kuti tchulani ichi m'Chizulu,
mnzanga Gwaza anayesa, lilime linamupereka.
Ine ndinaloza pakamwa, ndinaloza khutu,
ndinakhala wosalankhula mpaka pa kona.
Ndinapinda Chichewa changa ngati mpango,
nkuchiika m'thumba la m'kati, pamodzi ndi pasipoti.
Gwaza anabwerera ku Balaka ndi mano osakwana.
Amatumizabe moni.

Amati mlendo ndi mame.
M'mawa uliwonse ndimaona mame akutha pagalasi,
mphindi ziwiri, mwina zitatu,
osasiya ndi chipsera chomwe.
Zaka zisanu ndi zinayi tsopano
ine sindinakamuke.

Tikalowa mu msewu waukulu dzuwa limatulukira kumbuyo,
ndipo ntchito yanga ndi yoyang'ana zimene tazipitirira:
lole ya simenti, wanjinga yamoto wonyamula chakudya cha eni,
milu yachikasu ya migodi imene agogo anga aamuna
anasiyako mapapo awo.
Ndimasuzumira kumanja, kumanzere, kumanjanso.
Ntcheu saonekamo.
Galasi ndi loyera, silinama,
kungoti msewu wakhota kambiri.

Madzulo ndimaiimika m'malo mwake.
Ndikadina, nyali ziphethira, makutu apinda.
Mayi amati zimathandiza,
ukaona apinda umadziwa kuti wakiya.
Ndimagwira lamanzere komaliza.
Lazizira kale.
Ndiye ndimaika manja m'khwapa,
zigongono zonse pafupi ndi nthiti,
nkutsika phiri kukaima pamzere wa tekisi.